Amalayali a ku Kerala: Adayamba Monga Likuni, Adafika Kutali

Munthu akakwera minibasi mumzinda wa Lilongwe, n'kudutsa pa Chinsapo mpaka kukatsikira pa Likuni, amapeza zinthu zisanu zitakhala moyandikana: tchalitchi, sukulu za anyamata ndi za atsikana, chipatala, nyumba yosindikiza mabuku, komanso chiyambi cha phala lija limene amayi a dziko lonse lino amalidziwa ndi dzina la malowa. Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazika mishoniyi mu 1903 atasamuka ku Chiwamba, ndipo kuyambira 1951 mpaka 1958 dera la mpingo wa Katolika limene lero ndi Arkidayosizi ya Lilongwe linkatchedwa Likuni. Nyuzipepala ya Odini ndi mabuku ambiri a Chichewa amene agogo athu adaphunzirira kuwerenga zinkatuluka pomwepa.

Kutsidya kwa nyanja yamchere, kummwera chakumadzulo kwa dziko la India, kuli kaphiri kotchedwa Mannanam, pafupi ndi tauni ya Kottayam m'chigawo cha Kerala. Wapa Likuni atafikapo sangamve chilendo kwenikweni. Wansembe wina wakomweko, Kuriakose Elias Chavara, pamodzi ndi anzake awiri, adayambitsa nyumba ya ansembe pakaphiripo mu 1831. Mu 1846 adatsegulapo sukulu ndi malo osindikizira mabuku. Mbiri ya mpingo imati makina oyambawo adachita kusema: Chavara adakaonera makina a boma ku Trivandrum, n'kudzaumba chifanizo chake pathunthu la nthochi, kalipentala n'kupanga enieni ndi matabwa. Poona kuti ana a anthu osauka sakhala m'kalasi ndi njala, adapempha mabanja kuti mayi aliyense akamatapa mpunga wophika, azipatula wodzaza dzanja limodzi kuti ukadyetse ana a sukulu. Chavara adamwalira mu 1871, ndipo Papa Francis adamulengeza kukhala woyera mu 2014.

Zipangizo zidali zofanana, koma zotuluka zake zidasiyana. Kalembera wa ku India wa 2011 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a ku Kerala, 94 amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kalembera wathu wa 2018 adapeza pafupifupi 69. Mwa ana 1,000 obadwa amoyo, kwawoko omwalira asanakwanitse chaka adali 6 kapena 7 pakati pa 2018 ndi 2020, pomwe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 kuno adapeza 42. Chododometsa n'choti Kerala adayamba kuonetsa zimenezi asanalemere. M'zaka za m'ma 1970 chigawochi chidali chosauka ndithu, ndipo n'chifukwa chake akadaulo a zachuma monga Amartya Sen akhala akuchitchula kawirikawiri. Amishoni adayatsa moto mbali zonse ziwiri za nyanja, koma kwawoko anthu wamba ndiwo adausonkhezera mpaka boma lidasowa pothawira.

Amwenye si amodzi

Kwathu kuno aliyense wochokera ku India timangomuti mmwenye, ndipo maganizo amathamangira kusitolo za ku Area 2 kapena ku Limbe. Ambiri mwa mabanja a malondawo makolo awo adachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo adadzaza m'matauni akuluakulu boma la Kamuzu Banda litawachotsa m'misika ya kumidzi m'zaka za m'ma 1970. Asanafike iwowa kudalinso asilikali a Chisikh amene adabwera ndi Harry Johnston mu 1891. Amalayali ndi mtundu wina. Chiyankhulo chawo, Malayalam, n'chachibale ndi Tamil, ndipo Mgujarati sangachimve, ngakhale zilembo zake sangaziwerenge.

Kwawo ndi kachigawo kowonda, kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri a Western Ghats. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 38,863, gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, koma mu 2011 mudali anthu 33.4 miliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chathu cha 2018. Mvula imagwa nyengo ziwiri pachaka. Kumunsi kuli madimba a mpunga ndi mitengo ya kokonati, kumtunda kuli mphira, tiyi, khofi ndi zokometsera ndiwo. Chigawochi chidakhazikitsidwa pa 1 November 1956, ataphatikiza maufumu akale a Travancore ndi Cochin pamodzi ndi dera la Malabar limene linkalamulidwa ndi Angerezi, kuti olankhula Malayalam akhale pansi pa ulamuliro umodzi.

Amalayali amene adafika mu Africa ambiri sadabwere ndi katundu wogulitsa. Adabwera ndi masatifiketi. Ethiopia, Nigeria ndi Zambia adalemba aphunzitsi ambiri a masamu ndi sayansi ochokera ku Kerala, ndipo achikulire ena a ku Chipata ndi Lusaka adadutsa m'manja mwawo. Mlembi wotchuka Abraham Verghese adabadwira ku Addis Ababa mu 1955, makolo ake ali aphunzitsi otere. Ena ndi ansembe, asisitere, anamwino, madokotala ndi owerengera ndalama m'makampani. Kuno kwathu dzina la Kerala lidalembedwa pakhoma la sukulu ina m'mudzi wa Chisasila ku Nkhata Bay, kumene mnyamata wina wa ku Malappuram ndi mkazi wake, amene amaonetsa moyo wa kumudziko pa YouTube kudzera pa Malawi Diary, adathandizana ndi eni mudzi kumanga makalasi amene adawatcha Kerala Block.

Tsabola adaitana dziko lonse

Chimene chidatchukitsa gombe la Kerala kalekale ndi tsabola wakuda. Aroma ankabwera kudzagula padoko la Muziris zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, Aluya ndi Atchaina nawonso ankafika, ndipo aliyense ankasiyako kanthu. Akhristu akumeneko amakhulupirira kuti Tomasi mtumwi adafika m'chaka cha 52, ndipo mpaka lero mapemphero awo ali ndi mizu ya Chisiriya. Asilamu amaloza mzikiti wa Cheraman ku Kodungallur kuti ndiwo woyamba m'dziko la India. Ayuda adamanga sunagoge ku Kochi mu 1568, ndipo alipobe. Malinga ndi kalembera wa 2011, mwa anthu 100 alionse pafupifupi 55 ndi Ahindu, 27 ndi Asilamu ndipo 18 ndi Akhristu. Kachisi, mzikiti ndi tchalitchi zimapezeka mumsewu umodzi, ndipo ana awo amakhala pabenchi limodzi kusukulu.

Tsabola yemweyo ndiye adalumikiza mbiri yawo ndi yathu. Vasco da Gama adaima pachilumba cha Mozambique mu March 1498, n'kupita ku Malindi, pagombe la Kenya, kumene adapeza womulondolera njira, ndipo pa 20 May adafika ku Calicut, mzinda umene lero umatchedwa Kozhikode. Adadzamwalira ku Kochi mu 1524. Apwitikizi atakhazikika panjira imeneyi adalowa mu Zambezi mpaka ku Sena ndi Tete, kumene ankagula minyanga ya njovu kwa Amaravi, yambiri n'kukathera ku India. Mpaka 1752, Mozambique ankalamulidwa kuchokera ku Goa, pagombe lomwelo chakumpoto kwa Kerala.

Zombo za Apwitikizi zidafalitsanso mbewu za ku America, ndipo imodzi idakhazikika mbali zonse ziwiri: chinangwa. Ku Travancore, mfumu Visakham Thirunal, imene idalamulira kuyambira 1880 mpaka 1885, idalimbikitsa anthu kuchilima pofuna kuthana ndi njala ya mpunga. Mpaka lero chinangwa chophika chodyera nsomba ya tsabola ndi chakudya chimene Mmalayali amachilakalaka akakhala kutali ndi kwawo. Mtonga wa kondowole, wokhala pafupi ndi minda ya mphira ya Vizara, atapita ku Kottayam angadabwe ndi chiyankhulo chokha.

Chuma chinkatsata mimba ya mayi

Mchewa ndi Myao ali ndi chifukwa china chotcherera khutu. Mtundu wa Nair, pamodzi ndi magulu ena kuphatikizapo Asilamu a kumpoto kwa Kerala, unkawerengera ubale kuchikazi. Banja lalikulu linkakhala m'nyumba imodzi ya makolo yotchedwa tharavad: agogo aakazi, ana awo aakazi, zidzukulu, ndi alongo awo aamuna. Woyang'anira minda ndi milandu adali malume wamkulu, karanavan, amene ntchito yake siisiyana ndi ya mwinimbumba. Mwamuna wokwatira adalibe mphamvu pa ana kapena pamunda wa kwa mkazi wake. Ngakhale ufumu wa Travancore unkalowedwa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu, monga mmene maufumu ambiri a Achewa amayendera.

Mwambowu udayamba kugwedezeka anyamata ophunzira atayamba kulandira malipiro. Ankafunsa chifukwa chimene thukuta lawo lizidyedwa ndi ana a mlongo wawo, ana obereka okha akuyang'ana. Nkhani imeneyi si yachilendo m'mabwalo a mafumu athu. Malamulo adabwera motsatizana, ku Travancore mu 1912 ndi 1925, ku Malabar kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, olola kugawana chuma cha mbumba. Mu 1975 nyumba ya malamulo ya Kerala idathetseratu dongosololi.

Amayi a ku Kerala adatsala ndi mwayi wina: ndi ophunzira, amakhala ndi moyo wautali, ndipo mu 2011 padali akazi 1,084 pa amuna 1,000 alionse, pamene m'dziko lonse la India akazi ndiwo ochepa. Koma adataya pogwira. Nyumba ya mbumba itatha, udafalikira mwambo woti makolo a mkazi ndiwo azipereka golide, ndalama, ngakhale galimoto, kubanja la mwamuna. Lamulo limaletsa, koma zikuchitikabe, ndipo atsikana ena ophunzira bwino ataya miyoyo chifukwa chozunzidwira chumacho.

Midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe ikudziwa kale za kulembetsa malo a makolo, chifukwa n'kumene boma lidayesera dongosolo la ndunda pansi pa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chidayamba mu 1968. Lamulo la malo a makolo la 2016 latsegulanso khomo lomwelo m'dziko lonse. Zimene zidachitika ku Kerala zikutichenjeza kuti pamene munda wa mbumba ukusanduka pepala, mayi ayenera kuonetsetsa dzina limene lalembedwapo.

Sukulu adachita kuimenyera

Zaka 150 zapitazo Kerala adali amodzi mwa malo a tsankho loopsa kwambiri mu India. Munthu ankabadwira m'gulu lake n'kuferamo. A magulu apansi, monga Apulaya amene ankalima minda ya eni malo, ankaonedwa ngati odetsa ena pongowayandikira, ndipo padali mtunda woikika umene ankayenera kuima akaona wa gulu lapamwamba. Sankaloledwa kuyenda m'misewu ina, kulowa m'kachisi, kapena kuponda pasukulu. Akazi a magulu ena sankaloledwa kufunda pachifuwa, ndipo padatenga zipolowe za zaka zambiri kuti mfumu ya Travancore ifewetse lamuloli mu 1859.

Mafumu ndi amishoni adachitapo mbali yawo. Mu 1817 mfumukazi Gowri Parvati Bayi idalamula kuti boma lizilipira maphunziro a anthu ake. Benjamin Bailey wa Church Missionary Society adayamba kusindikiza mabuku ku Kottayam mu 1821. Hermann Gundert wa ku Germany adatulutsa dikishonale ya Malayalam mu 1872, zaka 20 David Clement Scott asanatulutse ya Chimang'anja ku Blantyre. M'zaka za m'ma 1860 akuluakulu a mpingo wa Katolika, Chavara ali m'gulu lawo, adalamula kuti tchalitchi chilichonse chikhale ndi sukulu pambali pake. Koma zitseko za sukulu zambiri zidali zotsekabe kwa mwana wa mlimi waganyu.

Amene adazikankha ndi eni ake otsekeredwawo. Narayana Guru, wa gulu la Ezhava, adapatula kachisi wakewake ku Aruvippuram mu 1888, ntchito imene inkaloledwa kwa ansembe a gulu la Brahmin okha, ndipo pambuyo pake ankauza omutsatira kuti sukulu ndi zofunika kuposa akachisi atsopano. Ayyankali, Mpulaya wosaphunzira, adagula ngolo ya ng'ombe mu 1893, n'kuvala bwino, n'kuyenda nayo mumsewu woletsedwa. Boma litalola ana a gulu lake kulowa sukulu koma aphunzitsi ndi eni malo n'kumakana, adatenga kamtsikana kotchedwa Panchami n'kukakalowetsa yekha m'kalasi ku Ooruttambalam. Okwiya adatentha sukuluyo. Alimi aganyu adayankha ponyanyala ntchito m'minda ya mpunga ya eni malo, kunena kuti sabwerera mpaka ana awo ataloledwa kuphunzira. M'nyengo yomweyo, kuno ku Magomero, nyumba zopemphereramo ndi kuphunziriramo za John Chilembwe zinkatenthedwa paesiteti ya Bruce, anthu akulira ndi thangata.

Kulimbanako kudapitirira. Ku Vaikom anthu adachita zionetsero zamtendere kuyambira 1924 mpaka 1925 pofuna ufulu woyenda m'misewu yozungulira kachisi, ndipo mu 1936 mfumu ya Travancore idatsegula akachisi a boma kwa Ahindu onse. Gulu lililonse, Anair, Aezhava, Akhristu ndi Asilamu, lidapanga bungwe lake n'kuyamba kupikisana pomanga sukulu ndi makoleji. P. N. Panicker adayendayenda m'midzi kulimbikitsa malaibulale, ndipo bungwe limene adaliyambitsa mu 1945 lidafikitsa nyumba zowerengeramo mabuku m'midzi masauzande. Tsiku limene adamwalira, 19 June, limakumbukiridwa ngati tsiku lowerenga.

Pachisankho cha 1957 anthu adavotera chipani cha Chikomyunizimu, motsogozedwa ndi E. M. S. Namboodiripad, chinthu chimene chidadabwitsa dziko lapansi. Bomalo lidachotsedwa mu 1959 litakangana ndi mipingo pa za kayendetsedwe ka sukulu, koma nkhani ya malo imene lidayambitsa siidafe. Kuyambira 1 January 1970 lamulo lidapereka minda kwa matenanti amene ankailima, ndipo mabanja aganyu adapatsidwa umwini wa kamalo kamene padali nyumba zawo. Kwa zaka zambiri kuchokera mu 1982, ovota ankasinthanitsa magulu awiri a zipani pachisankho chilichonse, ndipo aliyense wolowa m'boma ankadziwa kuti akalekerera sukulu, chipatala kapena sitolo ya chakudya chotsika mtengo, ulendo wake wafupika.

Ntchito yomaliza idagwiridwa ndi anthu ongodzipereka. Mu 1989 bungwe la aphunzitsi ndi okonda sayansi la Kerala Sasthra Sahithya Parishad lidatsogolera achinyamata masauzande kuphunzitsa akuluakulu madzulo m'makonde, m'misika ndi m'madoko a asodzi m'dera la Ernakulam. Njirayo idafalikira chigawo chonse, ndipo pa 18 April 1991, ku Kozhikode, mayi wachisilamu wongophunzira kumene, Chelakkodan Aysha, ndiye adawerenga chilengezo choti Kerala wathana ndi umbuli. Mu 2018 gogo wina wa zaka 96, Karthyayani Amma, adalemba mayeso a sukulu ya kwacha yakumeneko n'kupeza 98 pa 100.

Amayi nawo adapeza bwalo lawo. Kudumbashree, imene idayamba mu 1998, ndi timagulu ta amayi 10 mpaka 20 oyandikana nyumba, osunga ndi kubwereketsana ndalama monga banki m'khonde. Mamembala ake ndi oposa 4 miliyoni. Kusiyana kwake n'koti timaguluti tidalumikizidwa ndi makhonsolo, amene kuyambira 1996 adapatsidwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za chitukuko za chigawocho. Amayi ambiri amene lero ndi makhansala adaphunzirira kulankhula pagulu m'timagulu timeneti. Ife ndondomeko ya mphamvu ku anthu tidaivomereza mu 1998, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 tidakhala opanda khansala ndi mmodzi yemwe.

Onam ndi magule a zigoba

Chaka chilichonse, mu August kapena September, Amalayali kulikonse kumene ali amachita chikondwerero cha zokolola cha Onam. Nthano yake imati kudali mfumu yachilungamo, Mahabali, imene mu ulamuliro wake anthu onse adali ofanana, ndipo imaloledwa kubwera kudzaona anthu ake kamodzi pachaka. Kwa masiku 10 amayala maluwa mwaluso pakhomo, ndipo patsiku lalikulu amadya mpunga ndi ndiwo zamasamba zamitundumitundu, nthawi zina zoposa 20, zoikidwa patsamba la nthochi. Chiyambi chake n'cha Chihindu, koma Akhristu ndi Asilamu ambiri amadya nawo. Ku Alappuzha, kuyambira 1952, kumachitika mpikisano wa mabwato aatali mamita oposa 30, lililonse opalasa pafupifupi 100, akuyendera nyimbo imodzi.

Kumpoto, m'madera a Kannur ndi Kasaragod, kuli Theyyam. Wovina amapakidwa utoto nkhope yonse, amavala chisoti chachitali ndi zovala za masamba a kokonati, ndipo ng'oma zikakolera anthu samuonanso ngati mnansi wawo koma mzimu kapena mulungu amene wabwera kudzamva madandaulo awo. Ovinawo ambiri ndi a magulu amene kale ankanyozedwa, koma patsikulo ngakhale mwini malo amawerama pamaso pawo. Wokulira pafupi ndi dambwe sangavutike kumvetsa ulemu umenewu. Bungwe la UNESCO lidalemekeza sewero lina lakale la ku Kerala lotchedwa Kutiyattam mu 2001, ndipo Gule Wamkulu adalandira ulemu womwewo mu 2005.

Ophunzira, koma ntchito ili kunja

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kerala adaphunzitsa ana ake koma sadamange mafakitale okwanira kuwalemba ntchito. Mafuta atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970, anyamata adakhamukira ku Dubai, Saudi Arabia, Kuwait, Qatar ndi Oman kukamanga nyumba, kuyendetsa magalimoto ndi kugulitsa m'sitolo. Atsikana, makamaka a m'mabanja achikhristu, adatenga unamwino n'kufalikira ku Germany, Britain, America ndi m'maiko a Aluya. Kafukufuku wa 2023 adapeza kuti Amalayali pafupifupi 2.2 miliyoni ali kunja kwa India.

Ndalama zimene amatumiza zasintha midzi. Nyumba zosanja zamera pakati pa mitengo ya kokonati, koma zambiri zimakhala zokhoma kapena muli nkhalamba ziwiri zodikira foni. Madimba ambiri a mpunga adasiyidwa, ndipo chigawochi chimagula mpunga wochuluka kuchokera kuzigawo zina. Ntchito zamanja zikugwiridwa ndi obwera kuchokera ku Bengal, Assam ndi Bihar. Anthu a m'nkhalango za Wayanad ndi Attappady adatsalira m'mbuyo pa malo, pa thanzi ndi pa maphunziro omwe.

Ulendo wakunjawo uli ndi misozi yake. Buku la Benyamin lotchedwa Aadujeevitham, limene lidatuluka mu 2008 n'kupangidwa filimu mu 2024, limasimba za munthu amene adapita ku Saudi Arabia ndi chiyembekezo n'kukathera kuweta mbuzi m'chipululu ngati kapolo. Mu June 2024 moto udabuka m'nyumba yogona antchito ku Mangaf m'dziko la Kuwait, ndipo mwa anthu pafupifupi 50 amene adafa, oposa 20 adali a ku Kerala. Amalawi nkhani zotere tikuzidziwa. Ndege ya Wenela idagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha abale athu oposa 70 ochokera kumigodi, ndipo posachedwapa tamva kulira kwa atsikana athu amene adakodwa pantchito za m'nyumba ku Oman.

Pamenepanso Amalayali adachitapo kanthu. Mu 1996 boma la Kerala lidatsegula nthambi yapadera yoona za anthu ake okhala kunja, yotchedwa NORKA. Imawapatsa ziphaso, imatsimikizira masatifiketi awo, imalumikiza anamwino ndi olemba ntchito ovomerezeka, imathandiza kubweretsa maliro, ndiponso imathandiza obwerera kwawo kupeza ngongole zoyambira bizinesi. Dziko limene layamba kutumiza achinyamata kuminda ya ku Israel, pamene ena akudzaza mabasi a ku Joni sabata iliyonse, likufunika ofesi yotere.

Kuzolowera kuchitira zinthu pamodzi kudawapulumutsanso pa tsoka. Madzi atasefukira mu August 2018 n'kupha anthu oposa 400, asodzi a kunyanja adakweza mabwato awo pamalole n'kupita nawo kumtunda, kumene adapulumutsa anthu masauzande ambiri amene adali pamadenga. Sadadikire kuti wina awalembe ntchito.

Zotola wapa Likuni

Si zonse za ku Kerala zimene zingamere kuno. Iwo ali ndi madoko, mvula yambiri, msika waukulu wa India kumbuyo kwawo, ndiponso adayamba sukulu zaka zambiri ife tisanayambe. Koma zimene zidawasintha kwambiri sizidafune migodi kapena mafuta. Mpunga wodzaza dzanja, laibulale ya chipinda chimodzi, mnyamata wa sekondale wophunzitsa agogo ake madzulo, mayi wofunsa khansala kumene ndalama za mjigo zapita: zonsezi Chinsapo, Kawale ndi Mgona angazikwanitse.

Maziko tili nawo. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994. Mary's Meals, imene lero ikudyetsa ana m'maiko ambiri, idayambira kuno mu 2002. Mipingo ndi mizikiti ili ndi sukulu ndi zipatala m'maboma onse, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi banki m'khonde. Chimene chikuchepa ndi mtima wa Ayyankali, woona sukulu ngati chinthu chathu chimene sitingalole kuti chiwonongeke. Timaguba mafuta a galimoto akasowa, koma mwana akafika Sitandade 4 osatha kuwerenga chiganizo cha Chichewa timangoti ndi mutu wake. Ofuna mavoti amabwera ndi nsalu ndi ndalama za m'manja chifukwa adaona kuti n'zimene timafunsa.

Inu a komiti ya sukulu, a mphakati, a dawa, a banki m'khonde ndi mafumu a m'matauni, funsani mphunzitsi wamkulu kuti ana angati a Sitandade 2 akuwerenga, ndipo mubwerenso teremu yamawa kudzafunsa zomwezo. Pemphani chipinda chimodzi patchalitchi kapena pamzikiti chikhale chowerengeramo mabuku. Wofuna ukhansala kapena uphungu akabwera, ayambe wayankha za mabuku, za aphunzitsi ndi za mankhwala pachipatala asanatsegule thumba lake. Amalayali sadapatsidwe sukulu ngati mphatso, ndipo nafenso palibe adzatipatse.